Mawu Onenera Kumsana

Pakamwa panga ndi pachangu, izi zokha sindikana. Amayi anga ankati ndidabadwa ndikuyankha azamba. Kwathu ku Bwanje, kuchigwa komwe dzuwa limaotcha ngati uli nalo mlandu, timalankhula mokweza chifukwa mnzako amakhala ali tsidya lina la munda wa mpunga. Ndiye nditatsala pang'ono kukwatiwa, alangizi adandikhalira pansi nthawi yaitali kuposa anzanga onse. Adati, "Iwe, ukupitaku ndi kumtunda, kwa anthu aulemu wawo. Mwamuna samuyang'ana m'maso ngati mbuzi yomwe ukufuna kugula. Ukakhala ndi mawu utsitse liwu, nkhope uyang'anitse kumbali." Ndidamva. Koma malangizowo ndidawasunga theka. Mawu okoma ndinkawanena motsitsa monga adandiuzira, pomwe aukali ankangodzitulukira momwe adabadwira.

Amuna anga anali a ku Champiti. Tidadziwana pamsika wa Sharpevale, iwo atatsika ndi thumba la mbatata ya kachewere panjinga, ine ndikugulitsa mpunga wa amayi. Anali munthu wamtali, wosachulutsa nkhani, koma pa gule wa ngoma ndiwo ankayambitsa nyimbo, chishango kudzanja, liwu n'kumamveka mpaka kudambo. Adanditenga chitengwa, ndipo ndidakakhala kwawo pakati pa minda ya chimanga, komwe nyengo yachisanu madzi a mumtsuko amaluma mano.

Chuma chathu chachikulu chinali njinga ija, yakuda, ya keliyala yotakata, belu lake losalira. Kutchalitchi, kuchigayo, kumaliro akutali, konseko ankandikweza. Ndinkapinda chitenje n'kuyala pakeliyala, n'kukhala chammbali, dzanja limodzi litagwira malaya awo. Pamenepo ndi pomwe ndidapeza bwalo langa lolankhulirapo. Kunyumba kunali apongozi ndi alamu, makutu ali tcheru, ndipo pamaso pa amuna angawo lilime linkandilemera ndi manyazi a alangizi aja. Koma panjinga palibe woyang'anana naye. Umangoona msana, thukuta likufalikira pamalaya, basi mawu n'kumabwera okha. Msana umenewo ndinkauuza kuti malaya abuluu aja amawakhala. Ndinkauuza kuti ndidasangalala momwe adandiikira kumbuyo tsiku lomwe apongozi adadandaula za ndiwo zanga. Iwo ankayankha osatembenuka, nthawi zina n'kuseka mpaka njinga kumayenda ngati ya munthu woledzera. Za mimba ya mwana wathu wamkazi, yemwe ndi mmodzi yekhayo, ndidawauzira pakeliyala pomwepo, ndipo tidatsala pang'ono kugwera mu ngalande.

Kenaka kudabwera za ku Joni. Kubanja kwawoko agogo awo adagwirako kumigodi, bambo awo chimodzimodzi, moti mwamuna wosapitako ankaoneka ngati sadamalize kukula. Mwana atayamba sukulu, nawonso adanyamuka. Migodi ija sankalembanso anthu akwathu ngati kale, ndiye adakapeza ntchito pamalo ena ophwanya miyala, yogwira makina oboola thanthwe. Poyamba tinkacheza pafoni mpaka mayunitsi kutha. Patapita nthawi macheza adayamba kufupika. Ndikati ndinene kanthu, iwo, "Netiweki, mayi, netiweki. Ndilemba meseji." Ine n'kumati kaya netiweki imeneyi ili ndi chiuno chotani.

Atabwerera patatha zaka, adabwera ndi malata, makina osokera anga, ndi liwu limodzi lomwe lidandidyera banja. Liwu lake ndi lakuti chabwino.

"Bambo, mbewu ija ikufumbwa."

"Chabwino."

"Bambo, aphunzitsi akuti mwanayu masamu akumuvuta."

"Chabwino."

Ha! Munthu n'kumuuza kuti mbewu ikufumbwa, iye n'kuti chabwino? Chabwino chake chiti? Ndipo sizinali zokhazo. Wailesi ankaikweza ngati tili pamsonkhano. Kutchalitchi adasiya benchi lathu lakumbuyo n'kumakakhala kutsogolo kwenikweni, ine n'kumati akufuna udindo. Pa ngoma adasiya kuyambitsa nyimbo, ankangoponda pansi maso ali kumapazi a anzawo, ine n'kumati za kumudzi ayamba kuziona zotsika. Akamacheza ndi amuna anzawo pabwalo, maso ndi maso, nkhani inkayenda, kuseka ankaseka. Koma ine ndikagwada chapambali monga ndidaphunzitsidwira, n'kunena zanga motsitsa, ankakhala ngati chitsa. Njinga ija ndiye inkandipweteka koposa. Ndinkayalabe chitenje changa, n'kumauuzabe msana uja zakukhosi kwanga, koma kuseka kuja kudatha. Ndikalankhula mtunda wonse, ndikangopuma, yankho limodzi lomwelo. Mumtima ndidatsimikiza kuti ku Joni kudatsala mkazi, ndipo kuno kwabwera malaya okha.

Masana ena ndikusoka yunifolomu pakhonde, pawailesi padabwera mayi wina wophunzira za maganizo a anthu. Ankafotokoza zomwe anzake ofufuza amapeza akamaonetsetsa momwe anthu okwatirana amakanganirana. Adati kukangana pakokha si kumene kumapha banja, poti ena amakangana koma n'kumakhutirabe ndi banja lawo. Choopsa, adatero, ndi pamene wina akuthamangitsa nkhani, wina akuithawa. Wothamangitsayo akaona mnzake wakhala chete amakweza mawu, wothawayo akamva mawu akwera amatsekeratu chitseko, ndipo zimangozungulira choncho mpaka onse kutopa. Adatinso chikondi chimadya tinthu ting'onoting'ono, monga pamene mnzako wanena kanthu kosafunika kwenikweni, iwe n'kucheuka. Ukasiya kucheuka, mnzako amayamba kufota.

Phazi langa lidaima palokha pamakina. Ndidati, "Amenewo ndi ife!" Ndinali ndekha pakhondepo koma ndidanena mokweza, mpaka nkhuku kudzidzimuka. Mayi ameneyo anali ngati wakhala akutisuzumira pazenera. Zonse zidagwirizana, moti sindidaonenso chifukwa chofunira kwina. Matenda ndidawapeza, dzina lake ndidalidziwa, chotsala chinali mankhwala. Ndipo mankhwala adanenanso. Adati wothamangitsayo aphunzire kuyamba nkhani mofatsa, asayambe ndi mlandu, asakweze mawu.

Ndiye ine, mwana wa ku Bwanje, ndidayamba kutsitsa liwu kuposa kale. Ndinkachita kudzigwira pakhosi. Ndikafuna kuwauza kanthu ndinkadikira atakhala phee, akukonza khasu kapena akusenda nzimbe, n'kukagwada kumbuyo kwawo pang'ono, n'kuyamba ngati ndikunyengerera mwana wodwala. Zotsatira zake, ngakhale chabwino yemwe uja nthawi zina sankabwera. Ndinkapirira sabata, mwina ziwiri, kenaka mphika n'kuphulika. Pamenepo ndinkaima patsogolo pawo, manja m'chiuno, ulemu wa alangizi nditautaya kudzala, n'kukhuthula zonse mpaka oyandikana nafe kutseka mawindo. Chodabwitsa, apo ndiye ankandimva. Ankandiyang'anitsitsa pakamwa osaphethira, nkhope n'kumagwa pang'onopang'ono, kenaka n'kutenga chipewa, ulendo wakudimba.

Ndimakumbukira bwino za matenda a amayi anga. Uthenga udabwera kuti agonekedwa kuchipatala cha kwathu. Amuna anga anali pabwalo akumata chubu cha njinga, atandifulatira. Ndidagwada, ndidawauza mofatsa kuti amayi adwalika, ndikupempha kuti mawa m'mamawa andiperekeze kusiteji. Adati chabwino. Kutacha ndidasamba, ndidavala, ndidamanga kachikwama kanga, potuluka ndidapeza njinga palibe. Anali atapita nayo kukagula feteleza. Pobwera dzuwa lili pamutu adandipeza ndili pakhomo, ndipo zomwe ndidanena tsiku limenelo sindingazilembe zonse. Ndidati ndinu mwala. Ndidati akadakhala amayi a mkazi wanu wa ku Joni mukadauluka. Ndidamaliza ndi kuti wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Iwo adangoti, "Mukadanena, mayi."

"Ndidanena! Mudati chabwino!"

Adayang'ana pansi, adapukuta manja pathalauza, n'kutembenuza njinga kuti ndikwere. Ulendo wonse wopita kusiteji sindidatsegule pakamwa. Amayi adachira, koma mwa ine mudatsala chinthu chosachira.

Nyengo yodula mpunga itafika chaka chimenecho, ndidati ndipite kwathu ndikathandize, monga ndinkachitira chaka chilichonse. Mwana anali atatsogola kale poti sukulu adatsekera. Koma ulendo uwu ndinali ndi mawu omwe ndidawakonza kwa masiku ambiri, ndipo ndidawasungira malo awo akale. Atandikweza panjinga kupita kusiteji, tisadafike pakamlatho kamatabwa ndi pachigayo, tidayamba kukwera kachitunda komwe munthu wopalasa amaimirira pang'ono. Ndidagwira malaya awo, ndidasendeza nkhope pafupi ndi msana, ndi kuyamba mofatsa monga mayi wa pawailesi adanenera.

Ndidati, "Bambo, ine ndimakukondani monga kale. Sindidasinthe. Kukalipa konse kuja ndi mantha chabe, ndimaona ngati ndikukutayani. Ndikudziwa pakamwa panga pamakupwetekani, mundikhululukire. Koma ndatopa kulankhula ndekha. Ngati mtima wanu udatsala kwina, ngati simukundifunanso, musandisunge chifukwa cha manyazi. Ingondiuzani. Kodi ndikapita uku ndisabwerenso?"

Ndidasiyira pomwepo. Tcheni chinkalira, iwo akupuma mwamphamvu chifukwa cha chitunda. Ndidapemphera kuti amange mabuleki, atembenuke, andikalipire ngakhale, anene kuti ndapenga. Tidafika pamwamba pa chitunda, adakhalanso pachishalo, napuma.

"Chabwino."

Mayo ine! Sindidalire. Anthu a pakamwa pachangu ife tikapwetekedwa zenizeni timauma gwa. Pasiteji adanditsitsira katundu, adandikwezera mu minibasi, adati ndikapereke moni kwa amayi. Adaimika dzanja minibasi ikunyamuka. Ndidati munthu uyu ndi wankhanza zedi, akuchita kundibayibitsa ngati palibe chachitika.

Mpunga tidadula, tidapuntha, tidauika m'matumba, ine osabwerera. Ndinkati akandifuna abwera okha, njira akuidziwa. Madzulo alionse ndikamva njinga ikudutsa kuseri kwa mpanda khosi linkatembenuka lokha. Adatumiza meseji yofunsa kuti ndibwera liti, ine n'kuona ngati chipongwe, osayankha. Adaimbapo foni, ndidangoyankha mozizira kuti mukudziwa kale, iwo n'kuti netiweki. Pomaliza amalume anga, omwe anali ankhoswe anga, adakwera kumtunda kukakumana ndi ankhoswe awo. Ine ndidakana kupita, ndidati ndilibe mawu ena oonjezera. Amalumewo anali nkhalamba yolankhula ngati ikuopa kudzutsa khanda, mano akutsogolo adatha, ndipo polankhula nkhani yolemera ankayang'ana ndodo yawo. Pobwerako adandiuza kuti adawafunsa amuna anga katatu konse ngati n'zoona kuti avomereza kuti ndichoke. Akuti iwo adawayang'anitsitsa amalumewo nthawi yaitali, kenaka adati, "Ngati iwowo ndi zimene akufuna, chabwino. Ndawavutitsa mokwanira."

Makina anga osokera adabwera pangolo. Ndidapeza kachipinda ka khonde pa Sharpevale, ndipo ndi pomwe ndakhala ndikusoka mpaka lero. Mwana adakulira kwa ine, patchuthi n'kumapita kwa bambo ake. Iwo adakhala okha zaka zingapo, kenaka ndidamva kuti akwatira mayi wina wamasiye wogulitsa tomato. Ndidaseka pagulu, ndidati akaone yekha kukwatiwa ndi khoma. Kuchipinda ndidakhala tsiku lonse osadya.

Pakhonde pangapo pamabwera atsikana ambiri kudzasoketsa za ukwati, ndipo ine ndidasanduka mlangizi wosapemphedwa. Ndikuwayeza m'chiuno, mapini ali pakamwa, ndinkawauza za wothamangitsa ndi wothawa. Ndinkati mwamuna wokalipa ndi wabwino, mumadziwa pomwe waima, koma wa chabwino muthaweni. Ndinkanena ngati munthu amene adamaliza sukulu yake. Ngakhale mwana wanga yemwe adayesapo kundiuza. Atabwera kutchuthi kwina, ali kale ku sekondale, adati, "Amama, adadi samva bwinobwino masiku ano." Ine osasiya n'komwe kupalasa makina ndidati, "Masiku ano? Kusamva adayamba kalekale amenewo." Mwanayo adandiyang'ana, adafuna kuonjezera, koma adadziwa kuti nkhani ya bambo ake kwa ine inali ngati kuponda mchira wa galu. Adangotuluka.

Chaka chathachi mwanayo adapeza mwamuna, ndipo padafunika kuti makolo tikhale pansi za chinkhoswe. Bambo ake adapempha kuti zokambirana zikachitikire kwawo chifukwa alongo awo adakalamba, sangathe kuyenda. Ndidavala chitenje changa chatsopano, ndidadzola, osati chifukwa cha iwo ayi, koma kuti mayi wa tomato asaone ngati ndikuvutika. Potsika minibasi pasiteji ija, anyamata a kabaza adandizinga ndi njinga zawo zamoto. Ndili pakati posankha, ndidaona munthu wamtali, imvi zili mbuu, ataima pansi pa mtengo ndi njinga yakuda. Inali yomwe ija. Pakeliyala anali atamangirirapo kapilo.

Tidapatsana moni ngati anthu a mpingo umodzi. Ndikadatha kukwera kabaza, koma ndidati andione kuti sindikuwaopa. Ndidakhala chammbali, dzanja ndidagwira chitsulo, malaya ayi.

Mukudziwa pakamwa panga. Titadutsa chigayo, chete adayamba kundiyabwa. Ndidati, "Njingayi simudaitayebe? Yakalamba ngati eni ake."

"Chabwino."

Asa! Zaka zonsezi munthu osaphunzira liwu lina? Ndidati lero ndithana nawo. "Komatu mutu wanuwu kumbuyo kuno wafanana ndi dzungu."

"Chabwino."

Apo ndidayamba kuseka, kuseka kwa mkwiyo. Ndidati, "Ine ndidakwatiwa ndi fisi, tili ndi ana asanu, onse amichira." Ndidapuma. Iwo adapalasa kawiri.

"Chabwino."

Kuseka kudandithera pakhosi. Tinali titawoloka kamlatho kaja, tsopano ndi kasimenti, ndipo kachitunda kaja kanali patsogolo pathu. Ndidayesanso kamodzi, motsitsa, ndi liwu lomwe lija la alangizi. Ndidatchula dzina lawo lenileni, lomwe sindidalitchulepo pamaso pawo chikwatiwire. Munthu aliyense akadagwa nayo njinga. Iwo adangopitiriza kupalasa, ndipo nditakhala chete adati chabwino.

Ndidadumpha njinga ikuyenda, nsapato imodzi n'kutsala mumsewu. Iwo adamva kupepuka, adamanga mabuleki, adatembenuka ali ndi mantha. Ndidapita kukaima patsogolo pa handulo, maso ndi maso, ndi kufunsa mokweza ngati ndili m'munda wa mpunga.

"Mwamva zomwe ndanena?"

Adandiyang'ana pakamwa. Kayang'anidwe komwe kaja, komwe ndinkati n'kamwano.

"Ndanena chiyani? Bwerezani!"

Adasisita belu losalira lija ndi dzanja. Kenaka adati, "Mayi, munthu akakhala kumbuyo ine sindimva. Khutu ili lidafa. Lina ili limagwira pang'ono, munthu akakweza, ndikamuonanso pakamwa."

"Zidayamba liti?"

"Ku Joni komwe. Makina aja."

Ndidakhala pansi m'mbali mwa msewu ndi chitenje changa chatsopanocho. Iwo adagoneka njinga n'kudzanjuta patsogolo panga kuti azindiona pakamwa. Ndidawafunsa chifukwa chomwe sadanenere. Adati kuntchito kuja munthu akadziwika kuti makutu apita ankamuchotsa, ndiye onse adaphunzira kuvomera ndi mutu, chizolowezi n'kukhazikika. Adati pobwera kumudzi ankaganiza kuti akapuma phokoso zitha zokha. Ataona kuti sizikutha, manyazi adawagwira. Munthu woyambitsa nyimbo pa ngoma, ana azimutcha gonthi? Adati kangapo konse adafuna kundiuza, koma nthawi zonse ankandipeza nditakwiya kale, ndiye ankaopa kuti ndinena kuti pamwamba pa zonse ndasenzanso chilema.

"Ine? Ine ndikadanena zimenezo?"

Sadafune kundipweteka, ndidaona. Adatola kamtengo n'kumakanda pansi. Koma adanena. "Mayi, chibwerereni ku Joni ine mawu anu omwe ndinkamva ndi okalipa okha. Ndinkati munthuyu ndamutopetsa, palibe chomwe ndimachita chomukomera. Amalume anu atabwera ndidangogwirapo mawu akuti achoke. Ndidati n'zoona, apite akapume."

Okalipa okha. Abale, zaka zonse zija ndinkasankha mawu okoma ngati munthu wosankha mpunga wambewu, n'kumawathira pamsana, pomwe zinyalala zokha ndizo ndinkawapatsa kumaso. Mayi wa pawailesi uja sadaname, wothamangitsa ndi wothawa tinalidi ife. Kungoti iye sankadziwa za makina oboola miyala, ndipo ine nditapeza dzina la matenda ndidasiya kumuyang'ana wodwalayo. Mkwiyo udabweranso, wa iwo chifukwa chobisa, wa amalume omwe adamwalira kale chifukwa cholankhulira ndodo, wa ine chifukwa cha meseji ija yomwe sindidayankhe. Koma unali mkwiyo wopanda pougwetsera. Ndikadadziwa ndikadaphika therere.

Ndidafunsa ngati akunyumba kwawo akudziwa. Adati eya, amawagwira paphewa kaye asadalankhule. Adanena mosavuta, ngati akunena za mtengo wa sopo. Ndidavomera ndi mutu. Kugwira paphewa basi.

Adaimirira, adakatola nsapato yanga, adaipukuta fumbi ndi chipewa chawo n'kundipatsa. Akudzutsa njinga adaima, ngati munthu amene wakumbukira chinthu chomwe wakhala nacho nthawi yaitali.

"Komatu pali chimodzi ndimafuna ndidzakufunseni. Panjinga pano, masiku aja, inu mukamalankhula ndinkamva kunjenjemera kumsanaku. Mawu ayi, kunjenjemera kokha. Kukasiya ndinkadziwa kuti mwamaliza, ndiye ndinkayankha kuti musaone ngati ndakunyozani. Nanga munkati chiyani mtunda wonse uja?"

Kachitunda kaja kanali pomwepo, kumbuyo kwawo. Ndikadatha kuwalozera. Ndikadatha kuwauza mokweza, liwu ndi liwu, zomwe ndidafunsa tsiku lija ndi zomwe adayankha. Ndidayang'ana imvi zawo, kapilo komwe adamangirira pakeliyala, ndidaganiza za mayi amene ankatidikira kunyumba ataphika, ndi mwana wathu amene akufuna chinkhoswe cha mtendere. Munthu uyu akadziwa kuti banja lake lidathera pa liwu limodzi lomwe adalinena pofuna kundilemekeza, adzagona bwanji masiku omwe amutsalira? Pakamwa panga pachangu paja, tsiku limenelo padadziwa kudikira.

Ndidati, "Ndinkaimba."

Nkhope yawo idamasuka, adamwetulira ngati kale. "Ndinkaganiza choncho. Ndinkati ngakhale amakalipa, panjinga pokha amaimba."

Tidakwera. Chitunda chija adachikwera movutika, ndidamva akupuma ngati mvukuto, koma adakana kuti nditsike. Titafika pamwamba adatembenuza khosi pang'ono n'kunena mokweza, monga amalankhulira anthu osadzimva okha.

"Imbaniko pang'ono, mayi."

Ndidasiya chitsulo, ndidagwira malaya. Ndidasendeza nkhope pafupi ndi msana uja, ndipo motsitsa, monga adandiphunzitsira alangizi, ndidanena zonse za tsiku lija kuyambira pachiyambi, kusiyako funso lomaliza. Ndidamaliza tikukhota pamtengo wa mango pomwe nyumba imayambira kuonekera, malata aja atachita dzimbiri, mkazi wawo ataima pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja.

Iwo adadikira kuti kunjenjemera kuthe, kenaka adati, "Chabwino."